Timisewu ta ku Zanzibar ndi Njira Yochokera ku Nkhotakota

Mbali yakale ya mzinda wa Zanzibar, imene Aswahili amaitcha Mji Mkongwe ndipo mabuku a alendo amailemba kuti Stone Town, ili ndi nyumba pafupifupi 1,700 zothithikana pa kamtunda kolowa m'nyanja yamchere, ndipo m'timisewu take tambiri galimoto silingalowe. Tina n'topanikiza moti munthu wokankha ngolo akakumana ndi wanjinga, mmodzi amayenera kutsamira khoma kuti mnzake adutse. Mu 2000 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, ndipo kuyambira pamenepo alendo akhala akuchulukirachulukira. Ambiri amafika m'magulu, namulondola ali patsogolo, n'kuzungulira kwa maola awiri kapena atatu: linga lakale, nyumba zachifumu za m'mphepete mwa doko, tchalitchi cha Anglican, msika, nyumba imene amati munakulira woimba Freddie Mercury, kenako galimoto n'kuwatengera ku mahotela a kumchenga. Ulendo wotere umaonetsa Zanzibar wa mafumu ndi amalonda olemera, ndipo umamuonetsa bwino. Koma mbiri yaikulu ya likulu limeneli ili m'kamangidwe ka timisewu teniteni ndi m'malo amene timisewuto timakathera, ndipo imeneyo amaiona ndi munthu woyenda pansi mosathamangitsidwa, wololera kusokera ndi kubwerera. Kwa munthu wochokera ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia kapena ku Niassa, nkhaniyi ili ndi kulemera kwina, chifukwa timisewu timeneti ndi kumapeto kwa njira imene inkayambira pa magombe a nyanja yathu.

Zanzibar sunayambe ngati mzinda waukulu. Pa nsonga ya Shangani panali mudzi wa asodzi, ndipo Apwitikizi anamangapo katchalitchi m'nthawi imene ankalamulira gombe lonseli. Aluya a ku Oman atalanda Fort Jesus ku Mombasa mu 1698, anapitikitsanso Apwitikizi ku Zanzibar n'kumanga linga pamalo pomwe panali katchalitchiko, linga lomwe lilipobe mpaka lero. Komabe kwa zaka zoposa zana pambuyo pake, nyumba zambiri zinali za mitengo ndi dothi zofolera ndi masamba a kokonati. Zinthu zinasintha ndi Seyyid Said bin Sultan, wolamulira wa ku Muscat, amene anaona kuti chuma cha ufumu wake chikuchokera ku Africa kuposa ku Arabia. Pofika 1840 anali atasamutsira likulu lake ku Zanzibar. Doko lake linali lakuya ndi lotetezeka, madzi akumwa analipo, ndipo mphepo zinkagwira ntchito mosaphonya: ya kaskazi inkabweretsa zombo zamatanga kuchokera ku Arabia ndi ku India chakumayambiriro kwa chaka, ya kusi n'kuzibwezera kwawo miyezi ingapo pambuyo pake. Said anakopa amalonda a Chimwenye kuti akhazikike, anabwereketsa ntchito yotolera msonkho wa padoko kwa kampani ya Jairam Sewji, ndipo anachita mapangano ndi maiko akutali. Amereka anasaina naye pangano mu 1833 n'kutumiza kazembe wawo mu 1837, Angerezi ndi Afalansa n'kutsatira. Atamwalira mu 1856 ufumu unagawika pakati pa ana ake, Majid n'kutenga Zanzibar, ndipo mzindawu unakhala likulu la dziko loima palokha.

Timisewu timene alendo amatijambula lero palibe anatilinganiza papepala. Banja lolemera linkamanga nyumba yake, achibale n'kumanga moyandikana nalo, otsatira awo ndi akapolo n'kuzika timakumbi m'mipata, ndipo njira inali malo okhawo amene atsala pakati pa makoma. N'chifukwa chake timakhotakhota, n'kutambasuka mwadzidzidzi pa kabwalo ka mzikiti, n'kupanikizanso. Zomangira nazo zinalamula maonekedwe a nyumba. Makoma ndi a miyala yokumba m'matanthwe a m'nyanja yomatidwa ndi laimu wootcha kuchokera ku miyala yomweyo. Denga ndi nsanja zinkakhala pa mitanda ya mitengo yomera m'matope a kugombe, imene Aswahili amaitcha boriti, ndipo popeza mitengoyi siitalika kwenikweni, zipinda zambiri n'zazitali koma zopapatiza, mamita atatu kapena kupitirira pang'ono m'lifupi. Makoma aatali oyandikana amasunga mthunzi pafupifupi tsiku lonse m'dziko lotentha chotere. Woyenda modekha amayamba kusiyanitsa nyumba ya Mluya, yosalala kunja, ya mawindo ochepa ndi bwalo lobisika mkati, ndi nyumba ya Mmwenye wasitolo, yopapatiza, ya chitseko chopindika mapanelo anayi pansi ndi banja likukhala pamwamba. Amaona timilatho totchedwa wikio todutsa pamwamba pa msewu, timene tinkalola amayi a m'mabanja olemera kupita kwa abale awo osaponda pansi. Amaonanso mipando yamiyala yomatidwa kukhoma pambali pa khomo, ya baraza, pamene mwininyumba ankalandirira alendo osawalowetsa mkati, ndipo mpaka lero ndi pamene abambo amamwera khofi ndi kukambirana zandale. Zonsezi zimanena za ndani anali ndi mphamvu, ndani ankabisidwa, ndani ankaima panja, koma gulu lothamangira ola la chakudya chamasana limangodutsa likuyang'ana zitseko zosema.

Funso limene timisewuti timadzutsa ndi lakuti ndalama zomangira zonsezi zinachokera kuti. Chilumba cha Unguja, pamene pali mzindawu, chilibe njovu, chilibe migodi. Chuma chake chinali cha zinthu zitatu zolukanalukana. Choyamba chinali minyanga ya njovu yochokera kumtunda, imene inkapita ku India kukasemedwa zibangili ndi ku America ndi ku Ulaya kukapangidwa zipeso ndi makiyi a piyano, posinthanitsa ndi mikanda, mfuti, onga ndi nsalu yoyera yotchedwa merikani. Chachiwiri chinali karafuu, zonunkhiritsa zakudya zimene zinayamba kulimidwa pachilumbachi cha m'ma 1820, mpaka Unguja ndi Pemba zinafika potulutsa gawo lalikulu la karafuu wa dziko lonse lapansi. Chachitatu chinali anthu. Minda ya karafuu inkafuna manja ambiri othyola, ndipo manjawo ankagulidwa. Mapangano amene Angerezi anakakamiza, la Moresby mu 1822 ndi la Hamerton mu 1845, anachepetsa kugulitsa akapolo kutali, koma analola malondawo kupitirira mkati mwa dziko la Sultani, kotero kuti akapolo anatsika mtengo pachilumba ndipo minda inakula. Doko lalikulu lotumizira anthu linali Kilwa Kivinje, ndipo njira zodzera ku Kilwa zinkachokera ku dziko la Ayao ndi ku nyanja yathu. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, n'kumanga zombo zowolotsera anthu ndi minyanga kutsidya la kum'mawa, kumene ulendo wapansi wa miyezi ingapo unkayambira. A Jumbe ankadziona ngati oimira Sultani wa ku Zanzibar. Kazembe wa Angerezi, Christopher Rigby, anauza David Livingstone kuti anthu 19,000 ochokera ku dziko la kunyanja lokha ankadutsa pa nyumba ya msonkho ya ku Zanzibar chaka chilichonse. Ngakhale wina atachikayikira chiwerengerochi, chifukwa Rigby anali ndi cholinga chodzutsa mkwiyo ku London, kaundula wa msonkho wa ku Kilwa amaonetsabe anthu zikwi zambirimbiri pachaka m'ma 1860.

Anthu amenewa sanangothera m'minda. Mzinda weniweniwo unamangidwa ndi kusamalidwa ndi iwo. Panali akapolo amene eni awo ankawatumiza kukagwira ganyu ya tsiku n'kubweretsa gawo la malipiro kunyumba, panali onyamula katundu padoko, amisiri a matabwa ndi omanga, komanso amayi osenza miyala, laimu ndi mitsuko ya madzi. Dokotala James Christie, amene anakhala mumzindawu nthawi ya mliri wa kolera wa 1869 ndi 1870, analemba mwatsatanetsatane za magulu a antchito amenewa ndi malo amene ankagona. Pamene mlendo wa lero aima patsogolo pa Beit al-Ajaib, nyumba yaikulu imene Sultani Barghash anamanga mu 1883, amauzidwa kuti inali yoyamba pachilumba kukhala ndi magetsi ndi chikepe. Akafika pa Old Dispensary amauzidwa za Tharia Topan, Mmwenye wolemera amene anaika mwala wake wa maziko mu 1887, yemwenso ankakongoza katundu kwa wamalonda wa Chiswahili Tippu Tip popita ku Congo. Maina a eni ndalama anasungidwa pamakoma ndi m'mabuku. Maina a amene anasenza miyala palibe anawalemba, ndipo pakati pawo panali Anyanja, Amang'anja, Achewa, Ayao, Amakua ndi Angindo, olembedwa m'zikalata za nthawiyo ndi dzina la mtundu lokha. Ntchito yawo ndiyo ikuoneka m'khoma lililonse la mita imodzi kunenepa, ndipo sikofunika kulipira pakhomo kuti munthu aione.

Wina anganene kuti ulendo wa namulondola sunyalanyaza ukapolo, popeza gulu lililonse limapita ku Mkunazini, kumene kunali msika womaliza wa akapolo. N'zoona, ndipo malowo ndi oyenera kuwaona. Msikawo unatsekedwa mu Juni 1873 Barghash atasaina pangano mokakamizidwa ndi kazembe John Kirk, yemwe uja anayenda ndi Livingstone pa mtsinje wa Shire. Pa Khirisimasi ya chaka chomwecho amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anaika mwala wa maziko a tchalitchi cha Christ Church pamalo omwewo, ndipo Bishopu Edward Steere, amene anayang'anira ntchito yomanga, anaikidwa m'manda kuseri kwa guwa mu 1882. Muli mtanda waung'ono wosemedwa ku mtengo umene pansi pake anakwirira mtima wa Livingstone kwa Chitambo ku Zambia. Panja pali chipilala cha 1998 cha mmisiri wa ku Sweden, Clara Sörnäs, cha anthu asanu oima m'dzenje atamangidwa unyolo m'khosi. Vuto n'lakuti ulendowu umatsekera ukapolo wonse m'bwalo limodzi, ngati kuti unali chinthu chochitika pa msika mpaka 1873 kenako n'kutha. Msika wa ku Mkunazini unagwira ntchito zaka zochepa chabe. Usanafike kumeneko unali mbali zina za mzinda. Zipinda zapansi zimene alendo amaonetsedwa kuti ndi mosungira akapolo zili pansi pa nyumba imene amishoni anamanga msika utatsekedwa kale, ndipo akatswiri angapo a mbiri amakayikira zoti zinagwirapo ntchito imeneyo. Chachikulu koposa, kutseka msika sikunamasule munthu. Kukhala ndi kapolo kunali kololedwa mpaka 1897, ndipo ngakhale pamenepo kapolo ankayenera kukapempha yekha ufulu wake kukhoti, mbuye wake n'kulandira chipepeso, pamene adzakazi osungidwa ngati akazi aang'ono anadikira mpaka 1909. Beit al-Ajaib ndi nyumba zambiri zokongola za mumzindawu zinamangidwa m'zaka zimenezi, ukapolo ukadali moyo wa tsiku ndi tsiku.

Bwalo la tchalitchili lili ndi mbiri ina imene wochokera kwathu ayenera kuidziwa, chifukwa njira ya ku Kilwa inayendedwanso mobwerera. Mishoni ya UMCA inayambira ku Magomero mu 1861, Bishopu Charles Mackenzie n'kumwalira chaka chotsatira, ndipo wolowa m'malo mwake, William Tozer, anaisamutsira ku Zanzibar mu 1864. Ana olanditsidwa m'zombo za akapolo ankaphunzitsidwa ku Kiungani, kummwera kwa mzinda, ndipo akuluakulu anapatsidwa malo ku Mbweni. Mu 1876 Steere ananyamuka ndi gulu la omasulidwa kuti awabwezere kunyanja, koma anaima ku Masasi, kummwera kwa Tanzania ya lero. Mishoniyo inafika pa Likoma mu 1885, ndipo aphunzitsi ake oyambirira ambiri anali ochokera ku Kiungani. Leonard Kamungu wa ku Chia anaphunzira kumeneko asanadzozedwe unsembe n'kukafera ku Msoro ku Zambia mu 1913, ndipo Yohana Abdallah, amene analemba mbiri ya Ayao, nayenso anaphunzira ku Kiungani. Mpunga ndi Chisilamu za ku Nkhotakota, komanso tchalitchi chachikulu cha pa Likoma, zonse zili ndi muzu umodzi pa kamtunda komweka ka ku Unguja.

Umboni waukulu wa mfundo yanga uli pa msewu umene magulu a alendo saudutsa. Kum'mawa kwa mzinda wamiyala kuli msewu waukulu umene anthu amautchabe Creek Road, ngakhale dzina lake la boma ndi Benjamin Mkapa. Pamenepa panali khwawa la madzi amchere limene linkadzaza nyanja ikakwera, n'kusiya matope onunkha ikaphwa, ndipo msika wa Darajani, womangidwa mu 1904, uli pafupi ndi pamene panali mlatho wowolokera. Tsidya linalo ndi Ng'ambo. Wolemba mbiri Abdul Sheriff anaonetsa kuti m'nthawi ya masultani malirewa sanali okhwima: timakumbi ta osauka tinali pakati pa nyumba zamiyala, ndipo amalonda a Chimwenye anali ndi masitolo amiyala kutsidya. Zanzibar itakhala pansi pa chitetezo cha Angerezi mu 1890, atsamunda ndi amene anachotsa timakumbito m'mbali yamiyala, n'kugawa mzinda m'zigawo za mitundu monga mmene pulani ya Henry Lanchester ya 1923 inafunira, n'kukwirira khwawalo pang'onopang'ono mpaka linasanduka msewu ndi mabwalo a masewera. Omasulidwa ku ukapolo ochokera m'minda anakhamukira ku Ng'ambo, ndipo kumeneko ndi kumene anamanga moyo watsopano. Anayambitsa mabungwe a mitundu yawo, magulu a magule ndi matimu a mpira. Mu 1928 anakana kulipira lendi ya malo amene anamangapo nyumba zawo, ndipo chaka chomwecho mayi wa kumeneko, Siti binti Saad, anapita ku Bombay kukajambulitsa nyimbo za taarab m'Chiswahili, nyimbo zimene kale zinali za m'nyumba yachifumu ndipo zinkaimbidwa m'Chiarabu. Ku Kisiwandui kunali likulu la chipani cha Afro-Shirazi. Ku Michenzani kuli mizere ya nyumba zosanja zazitali zimene boma la Abeid Karume linamanga potengera nzeru za ku East Germany. Malire a UNESCO sanaphatikize mbali yaikulu ya dera limeneli, ndipo mapu a alendo amalisiya loyera. Woyenda mwa yekha angathe kuwoloka msewuwo m'mphindi ziwiri, ndipo akatero ndiye kuti waona kumene zidzukulu za osenza miyala zinapita. Akalowera kumpoto apeza nyumba imene Livingstone anakhalamo mu 1866 pokonzekera ulendo wake womaliza, pa msewu wotchedwa Malawi Road.

Pali zotsutsa zomveka, ndipo choyamba ndi cha anamulondola. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mlendo wodzidalira angathe kudutsa pa nyumba ya Tippu Tip ku Shangani osadziwa kuti ndi imeneyo, kapena kujambula anthu pakhomo pa mzikiti pa nthawi ya swala n'kukhumudwitsa eni mudzi. Komanso ntchito yolondolera alendo imadyetsa mabanja ambiri pachilumba chimene ntchito zina n'zosowa. Zonsezi ndikuvomereza, ndipo kuyenda mwa wekha sikutanthauza kuyenda osafunsa. Kusiyana kuli pa mwini mafunso. Namulondola wa gulu amapatsidwa njira ndi maola ndi kampani imene yamulemba, ndipo amanena zimene alendo ambiri amakondwa kumva, pakuti mphatso ya pamapeto imadalira kukondwa kwawo. N'chifukwa chake nkhani zokoma m'khutu zimabwerezedwa mpaka kusanduka zoona, monga yakuti unyolo wosemedwa pa mphuthu ya chitseko umasonyeza nyumba ya wogulitsa akapolo, chikhalirecho chizindikirochi chimapezeka pa zitseko zambirimbiri ndipo ambiri amachimasulira ngati cha chitetezo cha nyumba. Namulondola yemweyo, atalembedwa ndi munthu mmodzi wobwera ndi mafunso ake, wofuna kupita ku Mwembetanga kapena ku Kiungani, amakhala munthu wina, chifukwa ambiri a iwo kwawo ndi ku Ng'ambo komweko, ndipo ndalama yonse imalowa m'thumba lake.

Chotsutsa chachiwiri n'chakuti makoma salankhula, ndipo munthu wosawerenga angayende sabata yathunthu n'kungoona laimu wosuwa ndi mawaya a magetsi. Apa palibe chokana. Maso okha sangauze munthu kuti nsanja ya wotchi ya pa Beit al-Ajaib inawonjezedwa pambuyo pa nkhondo ya pa 27 Ogasiti 1896, pamene zombo za Angerezi zinaphwanya nyumba yachifumu ya Khalid bin Barghash m'nthawi yosakwana ola limodzi n'kupha kapena kuvulaza anthu pafupifupi 500. Zimenezo zimafuna buku. Koma bukunso lili ndi malire ake. Munthu angawerenge kuti mzindawu unali wa zipembedzo zambiri, koma mpaka atayenda mphindi khumi n'kudutsa mizikiti ya Aibadhi, Asunni ndi Ashia, kachisi wa Ahindu ndi nsanja ziwiri za tchalitchi cha Katolika cha St Joseph, sangamve kuti anthu amenewa ankapumirana m'khosi tsiku lililonse. Angawerenge za kusiyana kwa olemera ndi osauka, koma mtunda wochokera pa khonde la Sultani kukafika pa matope a khwawa uja ndi wosakwana kilomita imodzi, ndipo kufupika kumeneko kumamveka ndi miyendo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha n'kumene ulendo wa maola awiri sungagulitse.

Chotsutsa chachitatu ndi cholemera kuposa zonse, ndipo chimachokera kwa anthu a ku Zanzibar eniake. Iwo amadziwa zimene nkhani ya ukapolo inachita itagwera m'manja mwa andale. M'zaka za zisankho kuyambira 1957 mpaka 1963, manyuzipepala ndi misonkhano zinagawa anthu kukhala ana a ambuye ndi ana a akapolo, monga mmene Jonathon Glassman anafotokozera m'buku lake la 2011. Ufulu unabwera pa 10 Disembala 1963, ndipo pa 12 Januwale 1964 boma la Sultani Jamshid linagwetsedwa, Aluya ndi Amwenye zikwizikwi n'kuphedwa kapena kuthawa, ambiri a iwo osauka a m'midzi amene sanakhalepo ndi kapolo. Kodi mlendo wa kumtunda wobwera kudzafunafuna mapazi a makolo ake sakukolezanso moto womwewo? Yankho langa n'lakuti chimene chimakoleza moto ndi nkhani yodulidwa pakati, ya Mluya woipa ndi Mzungu mpulumutsi, ndipo imeneyo ndi imene bwalo limodzi la ku Mkunazini limaphunzitsa mosavuta. Woyenda mzinda wonse amaona unyolo wautali wa opindula: wokongoza ndalama wa ku Gujarat, wogula minyanga wa ku Salem ku America, mwini munda wa ku Oman, mtsogoleri wa ulendo wa Chiswahili monga Tippu Tip, amene m'mitsempha yake munali magazi a ku Africa ndi a ku Oman omwe. Ndipo wochokera kwathu sangaime patali n'kuloza chala, chifukwa unyolowo umafika kwa mafumu a Chiyao Makanjira, Mponda ndi Mataka, kwa ankhondo a Chingoni ogulitsa ogwidwa kunkhondo, ndi kwa mafumu a m'midzi amene ankapereka anthu awo posinthana ndi nsalu pa nthawi ya njala kapena ya mlandu. Masultani ambiri anabadwa kwa amayi amene anali akapolo, ndipo zidzukulu za Anyasa lero ndi Aswahili a ku Unguja, Asilamu olankhula Chiswahili, amene sakudikira mlendo kuti awauze kuti iwo ndani.

Chimene chikuopseza kuyenda kotereku lero ndi kutha kwa anthu okhala mumzinda wamiyalawo. Pambuyo pa 1964 boma linalanda nyumba zambiri za othawa n'kuikamo mabanja osauka, banja lililonse chipinda chimodzi, pa lendi yochepa imene sinkakwanira kukonzera denga. Nyumba ya miyala ya m'nyanja ndi boriti imafuna kupakidwa laimu ndi kutsekedwa podontha chaka ndi chaka. Madzi akalowa, mitanda imawola, nsanja n'kugwa. Pofika m'ma 1980 nyumba zinali kugwa motsatizana, ndipo mu 1985 boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira Stone Town, nthawi yomwe linayambanso kutsegulira amalonda ndi alendo. Bungwe la Aga Khan Trust for Culture linakonza Old Dispensary m'ma 1990 ndi munda wa Forodhani mu 2009. Koma ndalama zambiri zokonzera zabwera ndi eni mahotela, ndipo nyumba ikasanduka hotela kapena sitolo ya ziboliboli, mabanja amene anali mmenemo amasamukira kunja kwa mzinda, pamene nyumba zosakopa wogula zikupitirira kuwola. Ngakhale Beit al-Ajaib inagwa mbali imodzi pa 25 Disembala 2020 ili mkati mokonzedwa, n'kupha antchito awiri. M'misewu ya Kenyatta ndi Gizenga masitolo ambiri tsopano amagulitsa zinthu za alendo zokhazokha, koma ku Malindi, ku Kiponda ndi ku Sokomuhogo mukadali ana opita ku madrasa, otelala, ogulitsa makala ndi abambo a pa baraza. Amalawi ambiri amadutsa pa chipata cha Songwe kukapikula katundu ku Kariakoo kapena kukatenga galimoto pa doko la Dar es Salaam, ndipo kuchokera pamenepo boti yothamanga imafika ku Zanzibar m'maola awiri. Wokagona m'kanyumba ka alendo ka banja la komweko, n'kudya pa Darajani, n'kulemba namulondola wake wa tsiku limodzi, amasiya ndalama yake m'manja mwa anthu amene akusungabe madenga a m'timisewu timeneto.